Dzino Silidikira Tsiku Lochira

Ana anga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Meluluca, kudzera pa Metangula, Chuanga ndi Messumba mpaka ku Cóbuè, pali mawu awiri amene mtsikana amauzidwa akangoima. Oyamba ndi akuti mwana aliyense amadya dzino limodzi la mayi wake. Achiwiri ndi akuti wapakati sagwiridwa m'kamwa: dzino likamuwawa apirire, adzalizula akadzachira. Onena mawuwa si adani anu. Ndi amayi anu, azakhali anu ndi apongozi anu, anthu oti tsiku lanu likadzafika adzagona pansi pa khonde la chipatala kukudikirirani. Amenewo ndi amsinkhu anga, ndipo pa zambiri zimene amakulangizani tili pamodzi. Koma pa ziwirizi ndasiyana nawo.

Ndiyambe n'kuwalemekeza, pakuti maso awo sananame. Khalani pa mathandala a usipa m'mawa, muyang'ane amayi a ana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu akamaseka. Ambiri amaseka dzanja lili pakamwa. Ngakhale ku Denmark, ofufuza atayerekeza mapasa okalamba mu 1998, anapeza zomwezo: mayi amene anabereka ana ambiri ndiye anali ndi mano ochepa, makamaka ngati anali wosauka. Kuona anaona bwino agogo athu. Pamene anaphonya ndi pa wakuba. Mwana wam'mimba alibe njira yofikira ku dzino la mayi wake. Kashiamu womangira mafupa ake amamutenga ku chakudya chimene mayi wadya, ndipo chikachepa thupi limakatapa m'mafupa a mayiyo. Dzino likakhwima lakhwima, silibweza kanthu m'magazi. Mano a wapakati amathera kunja, m'kamwa momwemo, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo n'chifukwa chake angathe kupulumutsidwa.

Mawa m'mawa musanatsuke m'kamwa, mukande ndi chikhadabo pamene dzino lakumana ndi nkhama. Mudzachotsa tinthu toyera, tofewa, tonanda. Timeneto si nsima yadzulo ayi, ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tomangana pamodzi. Aliyense ali nato, wamwamuna ndi wamkazi yemwe. Koma mkazi akaima, thupi lake limatulutsa timadzi tambiri tosunga pakatipo, ndipo timadziti timafewetsa nkhama n'kuzichititsa kuti zizikwiya msanga ndi tizilombo tija. Nkhama zimene zinali zolimba zimafiira, zimatupa pakati pa mano, ndipo zimatuluka magazi pa kanthu kakang'ono. Mtsikana aluma mango, aona magazi pamene walumapo. Atafuna nzimbe, makoko atuluka ofiira. Vutoli limayamba cha m'mwezi wachiwiri kapena wachitatu, n'kumakulirakulira mpaka cha m'mwezi wachisanu ndi chitatu. Madokotala amati amayi 6 kapena 7 mwa 10 alionse oyembekezera limawagwera.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo amalakwitsa chifukwa cha mantha. Akaona magazi pa mswachi amati mswachi ukundivulaza, n'kuusiya. Tizilombo tija tikasiyidwa timachuluka, kenako timauma n'kusanduka miyala yachikasu kapena yakuda kuseri kwa mano apansi, imene mswachi sungaichotsenso. Pansi pa miyalayo nkhama zimayamba kulekana ndi dzino, fupa logwira muzu limadyeka pang'onopang'ono popanda ululu, mpweya wam'kamwa umasintha, ndipo patapita zaka dzino losabowoka n'komwe limayamba kugwedera. Chiseyeye chenicheni ndi chimenecho. Pakati pamodzi sipangachite zonsezi. Koma pakati pasanu potsatizana, mwana ali kumsana wina ali m'mimba, mswachi utaiwalika pa tsindwi, pamakwanitsa. Ndiye mukaona magazi musaleke kutsuka. Tsukani mofatsa, mswachi wofewa utapendekera ku nkhama, pamalo pomwe pakutuluka magazipo. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mudzaona akuchepa. Akapanda kuchepa, kauzeni anamwino.

Ena amatuluka kachotupa kofiira pakati pa mano awiri, kosachedwa kutuluka magazi. Musathamangire kwa asing'anga kuti wina wakuponyerani, ndipo musakadule ndi lezala. Nthawi zambiri kamaphwa kokha mwana akabadwa. Kakamakulepheretsani kudya, achipatala amadziwa kukachotsa.

Wakuba wina ndi nseru. Zimene munthu amasanza zimabwera ndi asidi wa m'mimba, wowawasa kwambiri moti amafewetsa chikopa cholimba cha kunja kwa dzino. Mtsikana waukhondo akasanza amathamangira mswachi kuti achotse fungo, osadziwa kuti akupala dzino lomwe langofewa kumene. Musatero. Chukuchani madzi, mulavule. Ngati muli ndi soda wophikira therere, sungunulani kasupuni kakang'ono kamodzi m'kapu ya madzi, muchukuche, mulavule, osameza. Mswachi udikire theka la ola kapena ola lathunthu. Chimodzimodzi chilungulira cha miyezi yomalizira, chija chimakwera kukhosi usiku: idyani pang'onopang'ono, musagone mutangodya, mutu ukhale pamwamba. Madzi ochukuchawo akhale owiritsa kapena othira mankhwala a Certeza. Simunaiwale kuti kolera ija inabuka mu Seputembala 2022 kuno ku Mozambique inayambira m'boma lathu lomwe lino la Lago, ndipo madzi otsukira m'kamwa ndi madzi akumwa ndithu.

Tsono tifike pa zilakolako, pamene aliyense amamuchitira chifundo wapakati, ndipo n'koyenera. Wina amafuna mango osapsa othira mchere, wina bwemba, wina malambe oti azingomung'unya tsiku lonse. Wina tiyi wa shuga masupuni anayi, wina zakumwa za m'mabotolo zija zadzaza m'mabanka a pa Metangula. Sindikukuletsani, pakuti nanenso ndikudziwa kuti chilakolako cha pakati sichimva kukambirana. Zipatso zowawasazo zilinso ndi ubwino wake pa nkhama ndi pa magazi. Koma mvetsani mmene dzino limabowokera. Shuga akalowa m'kamwa, tizilombo tija timamudya n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amagwira ntchito pa dzino kwa theka la ola kapena kuposerapo, malovu asanamutsuke. Mukamwa botolo lonse pa nthawi ya nsima, dzino lamenyedwa kamodzi. Mukalisunga botolo lomwelo n'kumapsontha kuyambira m'mawa mpaka madzulo, lamenyedwa kakhumi, ndipo malovu sapeza mpata wokonza. Choopsa si kuchuluka kokha ayi, ndi kubwerezabwereza. Idyani chokoma chanucho nthawi imodzi, mumalize, muchukuche madzi. Usiku mukatsuka m'kamwa, musalowenso kanthu koma madzi okha.

Za dothi ndinenepo mwachidule. Lija mumapala pa chipupa kapena pa chulu, ndi lija logula pamsika, limapera mano ndi mchenga wake, limabweretsa njoka zam'mimba, ndipo kawirikawiri kulilakalaka kumasonyeza kuti magazi achepa m'thupi. Mankhwala ake ndi timapiritsi tija ta sal ferroso timene amakupatsani ku sikelo, timene ena a inu mumataya kuseri kwa nyumba poti timadetsa chimbudzi. Imwani.

Pa chakudya chomanga mano, ife a kunyanja tilibe chodandaula, tikadakhala kuti sitigulitsa zonse. Usipa umadyedwa ndi minga yake yomwe, ndipo m'mingamo ndi mmene muli kashiamu. Bonya wosinja wothira m'phala kapena m'ndiwo zamasamba, utaka wouma, chigwada chophika bwino chotendera, nkhwani, bonongwe, nyemba, mazira: nazo zomangira. Kondowole amakhutitsa, koma payekha samanga fupa. Ndipo dziwani ichi, chimene ambiri amadabwa nacho: mano a mwana amayamba kuumbika pakati pali ndi masabata 6 okha, mwina inu musanauze n'komwe munthu. Pofika mwezi wachinayi ayamba kulimba. Mwana amabadwa mano ake 20 oyamba ali kale m'nkhama, akungodikira kutuluka. Mukamamana wapakati mazira poti mwana adzabadwa wopanda tsitsi, tsitsilo lidzamera ndithu ngakhale adye mazira, koma mano ndi mafupa a mwanayo mwawamana.

Katsukidwe kake sikovuta. Kawiri pa tsiku, ndipo kofunika koposa ndi ka usiku, chifukwa munthu akagona malovu amachepa. Mphindi ziwiri, kunja, m'kati ndi pamwamba potafunira, osaiwala lilime. Mankhwala otsukira, amene tonse timangoti Colgate ngakhale akhale a mtundu wina, akhale olembedwa flúor kapena fluoride. Ambiri amalemba 1450 ppm pa chubu. Mu 2021 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwa anthu onse, pamodzi ndi a malungo ndi ena otero, kusonyeza kuti si zodzikongoletsera za anthu a m'tauni. Safunika kudzaza mswachi monga amaonetsera otsatsa malonda. Kadontho kofanana ndi njere ya nandolo kakwana. Mukatha lavulani thovu, koma musachukuchenso madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Fungo lake likamakuchititsani nseru m'mawa, tsukani ndi madzi okha, mankhwalawo mudzathire masana kapena usiku.

Amene alibe ndalama ya mswachi wa kusitolo asachite manyazi ndi mswachi wa kamtengo. Anzathu achisilamu a ku Meluluca amautafuna asanapemphere, amayi a ku Nampula ndi ku gombe la nyanja yamchere ali ndi mulala wawo wofiiritsa milomo, ndipo kamtengo kotafunidwa bwino mpaka nsonga yake itafewa kamachotsa zonanda zija. Kungoti kalibe fluoride. Chimene ndikukana ndi makala, phulusa ndi mchenga wa pagombe. Zimayeretsa lero, koma zikuyeretsa pochotsa dzino lenilenilo, ndipo chikopa cha dzino chikatha sichimeranso. Ndikukananso kutokosa m'mano ndi munga wa chambo, singano kapena phini. Kaulusi koyera kolowetsa pakati pa mano kamachotsa nyama ya nsomba popanda kubaya nkhama.

Tsopano mawu achiwiri aja, akuti wapakati apirire. Awa ndiwo amandisowetsa tulo, chifukwa oyamba amangotayitsa dzino, pamene awa angathe kutayitsa munthu.

Kumwera kwa nyanja yathu yomweyi, m'boma la Mangochi ku Malawi, anthu ake asodzi ndi alimi ngati ife, kunachitika kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Dokotala wa mano wa ku Finland, Ulla Harjunmaa, pamodzi ndi anzake a ku Malawi, anaunika ndi kujambula nsagwada za amayi 1,024 amene anali atangochira kumene. Pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anapezeka ndi matenda kunsonga ya muzu wa dzino, kumene kumayambira mafinya dzino likaola mpaka m'kati. Ana a amayi amenewo, powerengera onse pamodzi, anabadwa msangako ndiponso opepukirako kuyerekeza ndi ana a amayi ena. Tizilombo tokhala pa muzu wa dzino ndi m'nkhama zotupa sititsekeredwa m'kamwa. Timalowa m'magazi, thupi limakhala pa nkhondo miyezi yonse, ndipo nkhondoyo ikuchitika m'thupi lomwe likulera mwana. Nkhaniyi anayamba kuitchula mwamphamvu madokotala a ku North Carolina mu 1996, ndipo ife itikhudze kuposa ena. Lipoti la WHO la 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 mwa 100 alionse, ndipo Mozambique inali pafupi pomwepo ndi 16.

Ku Lilongwe anachitanso kafukufuku wina. Amayi 10,069 a m'zipatala zing'onozing'ono 8 anaphunzitsidwa kusamala m'kamwa, koma a m'zipatala zina anapatsidwanso chingamu chokhala ndi xylitol, chotsekemera chimene tizilombo ta m'kamwa sititha kuchidya, kuti azitafuna kawiri pa tsiku. Zotsatira zitalengezedwa mu 2022 ndi Kjersti Aagaard wa ku Baylor College of Medicine ndi anzake, ana obadwa masiku asanakwane anali 12.6 mwa 100 kwa otafuna chingamu, ndipo 16.5 mwa 100 kwa enawo. Musathamangire kubanka mutamva zimenezi. Chingamu cha pabanka n'cha shuga, ndipo chidzakubowolerani mano.

Sindikufuna kukuwonjezerani mantha, kapena kukulonjezani zimene palibe angalonjeze. Mwana kubadwa msanga kuli ndi zifukwa zambiri: malungo, kuchepa magazi, kuthamanga kwa magazi, matenda opatsirana pogonana, kutenga pakati uli wamng'ono. Ku America, mu 2006, anatsuka nkhama za amayi oyembekezera pa kafukufuku wa amayi 823, ndipo chiwerengero cha ana obadwa msanga sichinasinthe kwenikweni. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa chinthu chimene apongozi anu ayenera kumva: amayi amene anathandizidwa m'kamwa ali ndi pakati sanapite padera kuposa anzawo, ana awo sanavulale, ndipo nkhama zawo zinachira. Mpando wa dokotala wa mano suchotsa pakati. Jakisoni wochititsa dzanzi uja amabaya pa nkhama sachotsa pakati. Ngakhale kujambula dzino, kukafunika, kumachitika. Choopsa ndi mafinya osiyidwa, kutentha thupi, ndi mayi amene watha sabata osatafuna nsima.

Mwamuonapo mayi woteroyo. Wamanga mpango kuzungulira chibwano mpaka pamutu, tsaya limodzi latupa, wakhala padzuwa kuseri kwa nyumba, malovu akuchucha poti kumeza kukuwawa. Aliyense wodutsa amamusiyira mankhwala ake. Wina akuti m'dzinomo muli kanyongolotsi, tikafukize. Wina wabwera ndi fodya wosinja woti atsindire pa bowolo, wina kachasu woti avumate. Anyamata a maboti a injini, amene amadziwa zonse, amabwera ndi petulo kapena madzi a batire. Ana anga, m'dzino mulibe nyongolotsi. Madzi a batire amawotcha nkhama ndi lilime. Ululu ukaleka si kuti dzino lachira, koma kuti mtsempha wake wafa, ndipo dzino lakufa ndi limene limasunga mafinya pansi. Aspirin woika pa nkhama amasiya chilonda choyera. Fodya ndi kachasu zimafika kwa mwana.

Mapiritsi a pamsika nawo samalani nawo kwambiri. Makapisozi a tetracycline, amene ogulitsa amapereka pa matenda alionse, amalowa m'mano a mwana amene akuumbika m'mimba, ndipo manowo amadzatuluka achikasu kapena otuwa, osayeranso ngakhale atsukidwe motani. Brufen, diclofenac ndi Indocid amaletsadi ululu wa dzino, koma pakati pakapitirira miyezi isanu angathe kuchepetsa madzi amene mwana amakhalamo ndi kusokoneza impso ndi mtima wake. Amene wapakati angamwe podikira kufika kuchipatala ndi paracetamol, wathu uja timati Panado, pa muyeso umene anamwino anena, pamodzi ndi kuchukucha madzi ofunda othira mchere pang'ono. Alipo mankhwala opha tizilombo amene wapakati amaloledwa, monga amoxicillin, koma akhale olembedwa ndi achipatala, ndipo dziwani kuti amangogonetsa matendawo. Dzino lowola likadali pomwepo, kutupa kudzabweranso.

Pali zizindikiro zimene sizigonetsa munthu pakhomo. Kutupa kukatsikira pansi pa chibwano ndi kukhosi, kapena kukakwera kudiso; pakamwa pakamakanika kutseguka moti zala ziwiri sizilowa; kumeza malovu kapena kupuma kukamavuta; thupi likatentha ndi kunjenjemera: nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Kutupa kwa pansi pa lilime kumatseka njira ya mpweya, ndipo kumapha m'masiku ochepa. Timawanga toyera tonga mkaka pa lilime ndi m'masaya, kapena zilonda zosapola, nazo kazionetseni, pakuti nthawi zina zimanena za chitetezo cha m'thupi kapena matenda a shuga.

Ndikudziwa chimene mukufuna kundiyankha: agogo, dokotala wa manoyo ali kuti? Funso lake n'loona. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri ali m'mizinda. Kuno kumpoto, Universidade Lúrio ya ku Nampula inayamba kuphunzitsa mu 2007, ndipo tsidya linalo, ku Malawi, maphunziro a udokotala wa mano anayamba mu 2019. Kuchokera pa Metangula kukwera mapiri mpaka ku Lichinga ndi makilomita oposa 100 pa chapa, minibasi yathu ija. Wa ku Cóbuè, Ngoo kapena Mbueca ali kutali koposa, ndipo ambiri a kumeneko maso awo amakhala pa Likoma, ku chipatala cha St Peter's, monga ankachitira makolo awo kuyambira nthawi ya amishoni. Koma mtunda umenewu ndi chifukwa chopitira msanga, osati chodikirira. Wa m'tauni angathe kuzengereza, poti dzino likamudzutsa pakati pa usiku chipatala chili pafupi. Inu muyenera kuwerenga miyezi iwiri nthawi imodzi, ya mimba ndi ya nyengo. Nthawi yabwino yokonza dzino ndi mwezi wachinayi, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi: nseru yatha, mimba sinalemere, mungathe kukhala pa chapa ndi pa mpando. Ngati miyezi yanu yomalizira idzagwera mu Januwale ndi Febuluwale, misewu itaduka ndi mitsinje itadzaza, kapena mu Juni ndi Julayi mwera utakwiya moti boti silingawoloke, konzani dzino lanu nyengoyo isanafike. Msodzi akaona kamng'alu pa bwato amakamata lili pamtunda. Sadikira kuti akakapire madzi pakati pa nyanja usiku. Kabowo kamene lero kamangonyerenyetsa mukamwa madzi ozizira kangathe kumatidwa, dzino n'kukhala. Kakafika polepheretsa tulo, kawirikawiri chotsala ndi kuzula. Ndipo ngati ululu wafika m'mwezi woyamba kapena wachisanu ndi chinayi, pitanibe. Palibe mwezi woletsedwa kwa munthu amene ali ndi mafinya.

Poyambira pake ndi ku sikelo komweko. Tsiku la sikelo namwino amakhala mmodzi, amayi makumi angapo pa benchi. Akupimani kulemera, kuthamanga kwa magazi, mimba, HIV ndi chindoko. Akupatsani Fansidar, neti, katemera wa kafumbata ndi sal ferroso. M'kamwa sayang'anamo kawirikawiri, osati chifukwa cha nkhanza, koma mzere ndi wautali ndipo inu mwakhala chete, mwaweramitsa mutu monga munaphunzitsidwa kuchinamwali. Ulemu ndi wabwino, koma safunsa anadya phula. Nenani: amayi, nkhama zanga zikutuluka magazi, dzino ili likundiwawa ndikamatafuna. Funsani kumene kuli wa mano pafupi, tsiku limene amagwira ntchito, ndipo pemphani kalata yotumizira kuti musakabwezedwe. M'zipatala zathu chitseko chake chimalembedwa Estomatologia. Mukalowa, musanakhale pa mpando, nenani kuti muli ndi pakati pa miyezi yakuti, onetsani khadi la sikelo, tchulani mankhwala onse amene mukumwa, ma ARV ndi a kuthamanga kwa magazi omwe. Pitani mutadya. Ngati mimba yakula, musagone chagada nthawi yaitali. Pemphani kupendekera kumanzere, chitenje chopinda chili pansi pa chiuno chakumanja, kuti mwana asapsinje mtsempha waukulu n'kukuchititsani chizungulire.

Inu anyamata, musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Usiku wa mdima chilimira chikakoka bwino, ndalama mumaziona, ndipo tonse timadziwa kumene zambiri zimathera dzuwa lisanalowe. Mswachi ndi chubu chimodzi cha mankhwala sizifika mtengo wa mabotolo angapo a mowa. Musanagulitse usipa wonse kwa a ku Lichinga, patulani wa pakhomo, ndipo woyamba kudya akhale amene akudyera awiri. Patulaninso ndalama ya chapa kapena ya mafuta a boti, isungidwe osakhudzidwa. Mkazi wanu akati dzino likuwawa, musamuuze kuti ndi nkhuli ya pakati kapena ulesi wothawa kumunda. Ndipo amayi anu akakana kuti asapite kuchipatala, amene angawayankhe mwaulemu ndi inu. Mtengwa sangatsutsane ndi apongozi ake pakhomo pawo. Mwana wawo angathe kugwada n'kunena kuti amayi, anamwino atiuza kuti tipite, ndipo ndimuperekeza ndine.

Anzanga achembere, inu amene mumalangiza atsikana akaima, ndikupemphani chinthu chimodzi. Pa mwambo wa pakati poyamba mumanena za kavalidwe, za kudika, za zakudya. Onjezanipo za m'kamwa. Muuzeni mtsikanayo ayasamule, muone nokha. Mawu anu amamveka kuposa a pa wailesi.

Mwana akabadwa ntchito sinathe, koma pano ndingodutsapo. Khanda limabadwa lopanda tizilombo tobowola mano. Kawirikawiri limatitenga kwa mayi ake kapena womulera, kudzera m'malovu. Mayi wa mano owola akamamutafunira chakudya, kapena kunyambita supuni asanamudyetse, akumupatsira. N'chifukwa chake kukonza dzino lanu muli ndi pakati ndi kuteteza mano a mwanayo. Miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, opanda madzi a shuga kapena tiyi. Dzino loyamba likatuluka, cha pa miyezi 6 yomweyo, yambani kulitsuka ndi kamankhwala kochepetsetsa. Mwana akatsegula m'mimba kapena kutentha thupi, musangoti ndi mano, kamuyezetseni malungo. Ndipo wina akadzakuuzani, monga zimamvekera kwa anzathu a ku Tanzania, kuti m'nkhama za khanda muli mano oipa ofunika kuwakolowola ndi chitsulo, mukaneni. Timeneto ndi mano ake enieni amene sanatuluke.

Inu amene simunaime, amene mukali pa sukulu kapena mwangolowa m'banja, mwayi wanu ndi waukulu kuposa onse: dzino lobowoka likonzeni tsopano, pakati pasanabwere. Inu amene muli kale ndi pakati, usiku uno tengani tochi ya foni ndi kagalasi, muyang'ane m'kamwa mwanu mpaka kumano a kumapeto. Chimene muonecho mukachinene pa sikelo ikubwerayi, anamwino asanakubwezereni khadi.